Banga Lakuda Uku, Loyera Uko

Kalatayo anawapatsira m'kachipinda kosungiramo matsache, Lachisanu masana, ali chiweramire pa ndowa. A Chidindo sanalowe n'komwe. Anaima pakhomo, dzanja limodzi litapanikiza tayi pamimba kuti asakhudzane ndi chikolopa, linalo litatambasula envulopu ngati mmene munthu amaperekera fupa kwa galu wa eni.

Pa nsanjika yachinayi ya kampani ya inshuwalansi ija, mayi woyeretsayu aliyense ankawatchula kuti Anti. Atsikana a dzulodzuloli ankati Anti, madalaivala aimvi ankati Anti, ngakhale abwana aakulu, amene anayamba kuona dzuwa iwo asanabadwe, nawonso ankati Anti. Dzina lawo lenileni analiona pa envulopu ija, ndipo linali litalembedwa molakwika. Zaka khumi ndi zinayi akusesa, kukolopa ndi kutsuka makapu a anthu amenewa, munthu n'kulephera kulemba kadzina kakafupi ngati kameneko.

A Chidindo anali mkulu woyang'anira antchito ndi katundu. Dzinali analipata chifukwa mu ofesi imeneyo ngakhale sopo wosambira m'manja sankatuluka m'sitolo popanda fomu, ndipo fomu sinali fomu asanaimenye chidindo chawo, chimene ankayenda nacho m'thumba la jekete ngati mankhwala a mphumu. Kalata ya Anti anaimenya kawiri. Inkanena kuti Lachitatu, 9 koloko m'mawa, akaonekere pamaso pa abwana aakulu n'kufotokoza chifukwa chake asachotsedwe ntchito, poti mwa kusasamala anatayira madzi akuda kapena mafuta pa kapeti yatsopano ya m'kolido, n'kusiyapo banga lalikulu lakuda.

Anti sanalire.  Pa msinkhu wawo, ndi msana umene unayamba kale kulosera mvula, ndani akanawalembanso ntchito? Woyeretsa akachotsedwa chifukwa cha mwano amapezabe pena, poti mwano anthu amauzolowera. Koma wochotsedwa chifukwa cha banga, ameneyo basi, akakhale kunyumba.

Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti kapeti yakale inalibe mlandu ndi munthu. Inali yotuwa ngati phulusa, ulusi wake wopindika ngati wa pa thaulo koma waufupi ndi wothinana, yolimba ngati tayala. Zaka zonse zija inapondedwa ndi nsapato za gogoda, anthu kukwekwezapo mipando, kangolo ka tiyi kudutsapo kanayi pa tsiku, koma iyo phee. Ukaipitira kamodzi ndi makina oyamwa fumbi, nkhani yatha. Palibe anaiyamikirapo, monga zimakhalira ndi aliyense wogwira ntchito yake bwino.

Kenako abwana anapita ku msonkhano ku hotelo ina, n'kukapondako kapeti yomeza nsapato mpaka m'akakolo. Anabwerako atadwala nayo. Kusitolo anapita okha, ndipo dalaivala anauza ofesi yonse kuti kumeneko anavula nsapato imodzi, n'kumasisita zitsanzo ndi phazi ndi chikhatho ngati akusankha mphaka. Anasankha yofiira moderako ngati vinyo, yaubweya wautali, wosalala, wonyezimira. Tsiku loyamba anthu akuluakulu, a masatifiketi awo, ankawerama n'kumaisisita.

Anti anaida pa tsiku lachiwiri. Inali kapeti yamiseche. Munthu akapondapo phazi linkatsala pomwepo, moti pofika 10 koloko unkatha kudziwa amene wapita kwa abwana kukaneneza anzake, ndi amene m'mimba simunamuyendere bwino. Makina oyamwa fumbi nawo ankasiya mizere, ndiye Anti ankayambira pakhomo pa abwana, kumapeto kwa kolido, n'kumabwerera chafutambuyo mpaka pa chikepe kuti asasiye mapazi awo.

Bangalo linatulukira pa sabata yachisanu, pafupi ndi khomo la khitchini, pamene aliyense amakhotera popita kukatenga tiyi. A Chidindo, amene ofesi yawo inali pafupi ndi chikepe, ndiwo anayamba kuliona: chithaphwi chakuda, chachikulu ngati chitseko, cha m'mbali mokhotakhota. Anti anagwada, kukhudza, kununkhiza. Panali pouma gwaa, popanda fungo, posamata. Atanena zimenezo, a Chidindo anawafunsa ngati kampani inawalemba ntchito yonunkhiza. Anawatulutsira bulashi yolimba, yonga yokwechera pansi pa bafa, n'kuwalamula kuti akweche. Masiku atatu Anti anakwecha ngodya imodzi ya bangalo mpaka mawondo kutupa. Ngodyayo inanyankhalala ngati nkhuku yonyowa, bangalo n'kumangokulirakulira. Mapeto ake ndi envulopu ija.

Lamlungu masana anapita kwa mng'ono wawo, osati kukafuna nzeru, koma kukafuna munthu wokwiya naye limodzi. Mng'onoyo anakwatiwa ndi woyala makapeti, bambo wamfupi wapakamwa, amene anzake ankamutchula kuti Mawondo chifukwa zaka makumi atatu zokwawa m'nyumba za anthu zinamuumitsa mawondo ngati a ngamila. Pabalaza pawo anayalapo zidutswa zotsala za makapeti a mitundu isanu ndi inayi, zolumikizalumikiza, moti mlendo ankayamba chizungulire asanamwe kalikonse.

Mng'onoyo anakwiya bwino ndithu, kuwomba m'manja, kuwasambwadza a Chidindo ndi tayi wawo yemwe. Koma a Mawondo anangoyamba mafunso ngati dokotala. Kodi pamalopo pakununkha? Ayi. Pakumata? Ayi. Mukapukuta ndi nsalu yoyera, nsaluyo ikuda? Ayi. Ubweya wake ndi wodula pamwamba, wosalala? Eya. Nanga bangalo mumaliona mutayang'ana kuti? Anti anati nanga angayang'anenso kuti, si pansi pomwepo, kapena iwo amakwecha akuyang'ana kudenga?

A Mawondo anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, ine ntchito ikutha, inu mukuonetsa mano?"

"Pepani, alamu anga. Chikundisekesa n'chakuti mwatha masiku atatu mukuchapa mthunzi."

Anakwawira kunsi kwa sofa n'kutulutsako zidutswa zitatu. Choyamba chinali ngati kapeti yakale ija. Anati ulusi wa imeneyi umatuluka n'kubwereranso pansi osadulidwa, ndiye phazi limauponda pamsana, iwo n'kudzukanso. Imeneyi ndiyo ya m'makolido ndi m'malo odutsa anthu ambiri. Siikoma kugonapo, koma imachedwa kukalamba, ndipo mdani wake ndi chikhadabo cha mphaka kapena msomali wa nsapato basi. Ulusi ukasololoka umaudula ndi sizasi, ukaukoka umatsala ndi msewu. Chachiwiri chinali cha ulusi wodula koma wopota kwambiri, uliwonse woloza kwake ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene. Imeneyo, anatero, mapazi saonekapo chifukwa ndi yosokonezeka kale. Chachitatu chinali m'bale wake weniweni wa kapeti ya abwana.

Anachiika pa tebulo n'kuchisisita ndi chikhatho kupita uko: chinawala. Kusisita chobwerera: chinada. Anati ubweya wa imeneyi wonse umapendekera mbali imodzi ngati udzu mphepo itadutsa. Ukauonera kumsana, kuwala kumatsetsereka pa ulusi, kapeti n'kuoneka yoyererako. Ukauonera kunsonga, maso amalowa m'mipata, n'kuoneka yakuda. Ndiye nthawi zina, makamaka pamene anthu amapotokolera mapazi pokhota, chigawo china chimagona mosemphana ndi chinzake, ndipo chikagona chagona. Palibe madzi, palibe mafuta, ndipo palibe sopo amene angachidzutse. Anachipindanso pa chala chidutswacho kuti Anti aone nsalu ya pansi ikusuzumira pakati pa ubweya. Anati kapeti yoonetsa dazi isanagulidwe n'komwe, siingapirire nsapato za ofesi yathunthu.

"Mawa mukaime mbali inayo," anatero. "Likapanda kuyera, mudzatenge m'bale wanuyu, ine ndizikhala ndekha."

Mng'onoyo anati zimenezo sizifunikanso kudikira kapeti.

Lolemba m'mawa Anti anaima pa chikepe. Bangalo linali bii, monga mwa masiku onse. Anayenda, kulidutsa, mpaka pakhomo pa abwana, n'kutembenuka. Kanthu kosavuta chonchi anali asanakachitepo. Poyeretsa nkhope inkakhala yoloza kwa abwana, ndipo potulutsa kangolo ka tiyi maso ankakhala pa makapu. Bangalo linali mbuu, loyera kuposa kapeti yonse, ngati wina watayirapo phulusa.

Sanasangalale ayi. Anamva mkwiyo ukukwera kuyambira m'mawondo otupa aja. Masiku atatu atagwada, anthu akuwalumpha ndi makapu a tiyi, ena akuti "pepani Anti" uku akuponda pomwe akukwechapo, zonsezo chifukwa cha ulusi woti wangogona chammbali.

Ali chiimire, chitseko kumbuyo kwawo chinatseguka. Abwana ankakwera pa masitepe akumbuyo ochokera koimika galimoto, n'kulowa mu ofesi mwawo pa khomo lina, moti kolido ankangoionera pakhomo pawo pokha. Anali munthu wamtali, wolankhula motsitsa ngati womva dzino. Anafunsa Anti ngati akusirira ntchito ya manja awo. Anati sakumvetsa kuti munthu wamkulu angathire bwanji mankhwala otsukira zimbudzi pa kapeti yabwino chonchi mpaka kuisulutsa.

Anti anatsala pang'ono kuyankha, koma analuma lilime. Kalata ikuti banga lakuda la mafuta, abwana akuti banga loyera la mankhwala. Amuna awiri a matayi agwirizana zochotsa munthu ntchito, osafunsana n'komwe kuti bangalo ndi lakuda kapena loyera. Anti anangoti, "Zikomo bwana," n'kupita kukatsuka makapu, ndipo makapuwo anamva mphamvu tsiku limenelo.

Lachitatu a Mawondo anafika atavala jekete la pa ukwati wawo, limene mabatani ake anasiya kalekale kulankhulana ndi mabowo, chikwama cha zidutswa chili m'khwapa. A Chidindo anafuna kuwabweza pa chikepe pomwepo, koma Anti anawakumbutsa kuti kalata yawo yomwe, ndime yomaliza, ikuti munthu akhoza kubwera ndi womuperekeza mmodzi. Siinanene kuti akhale wooneka bwanji.

Mu ofesi ya abwana Anti sanapatsidwe mpando. A Chidindo anawerenga mlandu wonse mokweza, abwana ali pa foni yawo kusuntha chala, moti mawu akuti "lakuda" anawadutsa ngati ntchentche. Atafunsidwa ngati ali n'chonena, Anti anati mawu alibe ambiri, koma akupempha kuti mlandu ukakambidwire pamene pali bangalo. Anapempha kuti abwana aime pakhomo pawo, a Chidindo akaime pa chikepe. Abwana anayang'ana wotchi, n'kuvomera ngati munthu wolola mwana kuti amalize kanyimbo kake.

M'kolido zitseko zinayamba kutseguka pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi aliyense anali ndi pepala lofunika kujambulitsa pa makina.

"A Chidindo," Anti anatero ataima pakati, "bangali likuoneka bwanji?"

"Lakuda. Monga mwa kalata."

"Bwana?"

"Lakuda chiyani? Ili ndi loyera. Losuluka."

A Chidindo anali asanatsutsepo abwana chilowereni ntchito. Anatsinzina diso limodzi, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti akaliyang'anitsitsa, kudako kuli ndi kuyera m'kati mwake. Wina kuseri kwa chitseko anatsamwa ndi tiyi.

Anti anapempha kuti asinthane malo. Amuna awiriwo anayenda, kudutsana pa bangalo osayang'anana. Abwana anafika pa chikepe n'kutembenuka. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavalanso. A Chidindo ali uko anakweza mawu kuti tsopano akuona bwinobwino, abwana akunena zoona, ndi loyeradi.

"Ndi lakuda," abwana anatero.

"Bwana," Anti anatero, "pa zaka khumi ndi zinayi ndinatayapo tiyi, ndinatayapo inki, ndinathyolapo chogwirira cha ketulo, ndipo zonsezo ndinkanena ndekha musanafunse. Koma madzi oti uku akuda, uko akuyera, sindinawatungepo. Mundionetse mpopi wake."

Zikanathera pamenepo zikanakhala bwino. Koma a Mawondo anali ataona anthu, ndipo munthu amene wakhala zaka makumi atatu akulankhula ndi pansi, akapeza omumvera sagwirika. Anatsegula chikwama, kuyala zidutswa zitatu zija, kufotokoza za ulusi wopindika, wopota ndi wosalala, kuyendetsa chidutswa chilichonse m'manja mwa atsikana kuti asisite. Kenako anagwada n'kuyamba kukwawa m'mbali mwa bangalo, chikhatho chikuyenda patsogolo, kuonetsa pamene ubweya watembenukira. Atafika pa ngodya yonyankhalala ija anaima.

"Koma apa pokha, bwana, pali mlandu. Apa wina anakwecha ndi bulashi yolimba, ulusi wonse wamasuka. Ameneyo ndiye wapha kapeti."

Anti anawayang'ana a Mawondo. Mlamu wako, wobwera naye wekha, woti wamukonzera kolala ya jekete m'chikepe! A Chidindo anauka kwa akufa. Anabwera chothamanga, chala chili patsogolo, akuti abwana amva okha, ndipo wanena ndi katswiri wa mbali ya Anti yomwe.

Anti sanakane. Anati anakwecha ndi iwo, masiku atatu, ndipo wofuna umboni abwere aone mawondo. Anati ananena tsiku loyamba lomwe kuti pamalopo ndi pouma ndiponso popanda fungo, n'kufunsidwa ngati analembedwa ntchito yonunkhiza. A Chidindo anati iwo anangoti payeretsedwe, sananene kayeretsedwe kake. Anti anati bulashiyo sinachokere kunyumba kwawo. Inatuluka m'sitolo ili yatsopano, ndipo aliyense waima panoyu akudziwa kuti m'sitolo ya kampani ino simutuluka kanthu ndi miyendo yake. Fomu ilipo, palembedwa kuti "yokwechera kapeti," ndipo zilembo zake ndi za a Chidindo, zopendekera kumanzere zija. Dzanja la a Chidindo linapita lokha pa thumba la jekete, n'kukhala pomwepo.

Abwana sanafune kumva zambiri za bulashi. Anafunsa a Mawondo kuti bangalo lingathe bwanji. A Mawondo anati silingathe. Angalipese, angalithire nthunzi, lidzadzuka masiku awiri n'kugonanso, ndipo pofika kumapeto kwa chaka lidzakhala ndi ana ake pakhomo pa chimbudzi ndi pa chikepe. Anati kapeti imeneyi si yoipa, koma ndi ya kuchipinda chogona, ya mapazi anayi opanda nsapato. Amene anaisankhira kolido ya anthu makumi asanu anasankha ndi chikhatho, mutu ataiwala m'galimoto.

Anti anawaponda chala, koma mawu anali atatuluka kale. 

"Ndinasankha ndine," abwana anatero.

A Mawondo anayankha kuti, "Ndiye chikhatho muli nacho chabwino, bwana."

Zitseko zinatsekeka chimodzichimodzi. Abwana anauza a Mawondo kuti adikire panja, Anti ndi a Chidindo alowe. Polowamo Anti anadziwa kuti zinthu zaipa kuposa m'mawa. Banga munthu wamkulu akhoza kuliiwala, koma kumuyendetsa m'kolido uku ndi uko antchito ake akuonerera, chimenecho amachisunga.

Abwana anakhala pampando, n'kulankhula akuyang'ana zenera. Anati nkhaniyi yatenga nthawi yokwanira. Poganizira zaka zimene Anti agwira ntchito, kampani yawakhululukira. Asayine pepala lovomera kuti anawononga mbali ina ya kapeti, alandire chenjezo lomaliza, abwerere kuntchito. A Chidindo analemba pepalalo pomwepo, pa bondo, liwiro lake ngati ankalilota.

Anti analiyang'ana pepalalo. Chenjezo lomaliza ankalidziwa bwino. Ndiye kuti tsiku lililonse limene kapu idzagwe, kapena a Chidindo adzadzuke ndi mutu, envulopu ina idzabwera, ndipo ulendo umenewo sipadzakhalanso kolido yoimikamo anthu. Cholembera anachisiya pa tebulo.

"Mwandikhululukira chiyani, bwana?"

Abwana anati asakulitse nkhani. A Chidindo anati anthu ena chifundo sachidziwa, ndipo kukana kusayina ndi mlandu pawokha.

 Anti anafuna kunena zambiri, za dzina lolembedwa molakwika, za mpando umene sanapatsidwe, koma anadziwa kuti zimenezo mu ofesi ngati imeneyi sizilemera kanthu. Munthu wamkuluyu sankafuna chilungamo, ankafuna wina womusenzetsa manyazi. Ndiye anamupezera wina.

Anafunsa mofatsa ngati a kusitolo aja anawauza abwana kuti kapetiyi si ya m'kolido. Abwana anati sanawauze. Anti anati zimenezo ndiye zachipongwe: munthu wamkulu kupita yekha, kuvula nsapato m'sitolo mwawo, iwo n'kumugulitsa kapeti ya kuchipinda akudziwa bwino kuti ikupita ku ofesi. Anati akanakhala iwo sakanawasiya. Abwana anachotsa maso pa zenera. Anati sawasiyadi, awalembera kalata lero lomwe kuti adzaichotse n'kuyala ina.

"Ndiye akadzabwera, bwana, adzafunse kuti chinachitika n'chiyani, muwapatse pepala ili. Lili ndi dzina langa, lili ndi chidindo, likuti anawononga kapeti ndi woyeretsa wanu. Adzathokoza kwambiri."

Abwana analitenga pepalalo n'kuliwerenga, koyamba m'mawa wonsewo kuwerenga kanthu. Anafunsa a Chidindo ngati kalata yoyamba ija, ya madzi ndi mafuta, ili kale m'faelo. A Chidindo anati ili m'mafaelo atatu. Abwana anati izulidwemo monsemo isanakwane 12 koloko, ndipo m'malo mwake mulowe pepala lonena kuti kafukufuku wapeza kuti pa kapeti sipanatayikire kanthu kalikonse ndipo palibe wantchito amene ali ndi mlandu. Pepala la chikhululukiro analing'amba okha, pakati, n'kuliponya m'basiketi imene Anti adzakhuthule madzulo. A Chidindo anatsatira zidutswazo ndi maso ngati munthu woperekeza maliro.

Kupepesa kunalibe. Anti anadikira pang'ono, mwina kungabwere mochedwa, koma abwana anali atanyamula kale foni. Anangokweza chala n'kunena kuti popeza Anti ali pomwepo, atenge makapu awo.

Anti anawatenga. Koma anaima pa desiki ya a Chidindo mpaka pepala latsopanolo litalembedwa, kulitembenuza, kuloza ndi chala chonyowa pamene dzina lawo linalakwika, n'kudikira kuti lilembedwenso. Kope limodzi analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la yunifomu.

Anti anawapeza a Mawondo pa chikepe atakhalira chikwama chawo, akumwetulira ngati munthu wodikira mendulo. Anti anawaperekeza kutsika. Chitseko chitangotsekeka anayamba kuwasambitsa chokweza: munthu wamkulu, wandevu, kubwera kudzathandiza mlamu wake n'kuyamba kufukula milandu imene eni ake anaiiwala. Anati ngodya ija ikanakhala chete iwo akanapanda kuikwawira. A Mawondo anati pa nkhani ya akazi, ya mowa ndi ya msinkhu wawo akhoza kunama, koma pa kapeti pakamwa pamakana.

Kenako anatsitsa mawu, ngakhale m'chikepemo anali awiriwiri. Anati abwanawo akungodzivuta, a kusitolo sadzasintha kapeti imeneyo. Za ubweya wogona chammbalizi amazilemba kuseri kwa chitsanzo chilichonse, m'tizilembo ting'onoting'ono, kuti si vuto la fakitale. Kungoti munthu wosisita kumaso sayang'ana kuseri. Anati mwina ndi bwino abwerere akawachenjeze.

Anti anayang'ana manambala akutsika, atatu, awiri.

"Mukabwerera m'mwambamu, alamu, mng'ono wanga akhala wamasiye lero. Zimenezo akazimvere komweko, kwa anzawo a matayi. Ine pepala langa latuluka."

Chikepe chinaima. Anawakankhira panja ndi chikwama chawo, n'kudina batani la nambala 4, poti makapu anali akadali m'sinki.